Waranti ya galimoto yochokera kunja: lonjezo lokhala ndi malire

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba zidagulidwa koyamba m'dziko lina. Zina zidatsika sitima padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe ku Karonga, zina zidachokera ku Durban n'kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza. Woitanitsa galimoto amawerengetsera mtengo wake, ndalama ya sitima, msonkho wa bungwe la Malawi Revenue Authority ndi malipiro a ejenti wokiliya. Funso lakuti adzalipire ndani galimotoyo ikawonongeka limabwera mochedwa, injini itayamba kale kugogoda kapena giya bokosi itakana kusintha magiya.

Yankho la funsoli lagona pa waranti. Waranti ndi lonjezo lolembedwa lakuti wopanga kapena wogulitsa katundu adzakonza kapena kusintha mwaulere chiwalo chimene chawonongeka kaamba ka vuto la kufakitale. Lonjezoli lili ndi malire anayi: zaka, makilomita, ziwalo zimene likukhudza, ndiponso dera kumene likugwira ntchito. Kwa woitanitsa galimoto kunja, malire achinayiwa ndiwo amaluma kwambiri.

Malonjezo anayi osiyana

Anthu amatchula mawu akuti waranti pa zinthu zingapo zosafanana, ndipo mikangano yambiri imayambira pamenepa.

Choyamba ndi waranti ya kampani yopanga galimoto, monga Toyota, Nissan, Honda kapena Ford. Iyi imaperekedwa pa galimoto yatsopano, ndipo masiku ake amayamba kuwerengedwa patsiku limene galimotoyo idaperekedwa kwa mwini wake woyamba. Ikagulitsidwa kwa munthu wachiwiri, kuwerengako sikuyambiranso.

Chachiwiri ndi lonjezo la wogulitsa galimoto ya kaunjika, kaya ndi kampani ya kunja yotsatsa malonda pa intaneti, kaya ndi dila wa m'dziko muno. Lonjezo lotere limakhala la masiku kapena miyezi yochepa, ndipo kampani imene idapanga galimotoyo sililikhudza.

Chachitatu ndi waranti yochita kugula payokha, imene kwenikweni ndi inshuwalansi ya ziwalo za galimoto. Ili ndi mndandanda wa ziwalo zimene imalipira komanso malire a ndalama pa chiwalo chilichonse.

Chachinayi ndi chitetezo chimene malamulo a dziko amapereka kwa wogula ngakhale wogulitsa asadalonjeze kanthu. Chitetezochi ndi champhamvu m'dziko limene lidakhazikitsa malamulowo, koma kuchitsata munthu ali kutsidya lina la nyanja n'kovuta.

Chifukwa chake waranti imathera pamalire

Makampani opanga galimoto adagawa dziko lapansi m'misika. Msika uliwonse uli ndi kampani yovomerezeka imene imaitanitsa galimoto zatsopano, kusunga masipeya ndi kuphunzitsa amakaniko. Mtengo wa galimoto yatsopano umakhala utaphatikiza kale ndalama yolipirira waranti ya mumsika umenewo. Choncho galimoto imene idagulidwa ku Nagoya idasiya ndalama ya waranti ku Japan, ndipo dila wa ku Blantyre amene sadalandirepo kanthu alibe thumba lotapamo kuti aikonze ulere.

Chifukwa china n'chakuti galimoto za dzina limodzi sizifanana m'misika yonse. Injini, kompyuta yake, masipuling'i ndi zosefa utsi zimakonzedwa molingana ndi mafuta, misewu ndi nyengo za kumene galimotoyo ikagulitsidwe. Mitundu ina yotchuka m'dziko muno, monga Toyota Sienta, Toyota Passo, Honda Freed ndi Daihatsu Mira, idapangidwa poganizira kwambiri msika wa ku Japan. Dila wovomerezeka kuno akhoza kukhala wopanda masipeya ake m'nkhokwe chifukwa si mitundu imene iye amagulitsa.

Vutoli si la mayiko osauka okha. Mu 2007, dola ya ku Canada itafanana mphamvu ndi ya ku America, anthu ambiri a ku Canada adawoloka malire kukagula galimoto zatsopano zotsika mtengo ku America. Makampani ena adavomera kulemekeza waranti ya galimoto zoterezi, ena adakana, ngakhale kuti mayiko awiriwa ndi oyandikana ndipo galimoto zake n'zofanana kwambiri. Kumene zinthu zili zosiyana ndi m'mayiko a European Union. Kumeneko malamulo a mpikisano pamalonda amafuna kuti dila wovomerezeka alemekeze waranti ya galimoto yogulidwa m'dziko lililonse la mgwirizanowo. Malamulo amenewa amathera pamalire a mgwirizanowo ndipo safika ku Africa.

Galimoto zochokera ku Japan

Makampani akuluakulu a ku Japan amapereka waranti ya magawo awiri pa galimoto yatsopano yogulitsidwa kwawoko. Gawo loyamba, lokhudza ziwalo zambiri monga za magetsi ndi zoziziritsa m'galimoto, ndi la zaka 3 kapena makilomita 60,000. Gawo lachiwiri, lokhudza injini, giya bokosi, chiwongolero ndi zida zotetezera moyo, ndi la zaka 5 kapena makilomita 100,000. Chimene chayamba kukwana pakati pa zaka ndi makilomita ndicho chimatseka waranti. Mwachitsanzo, galimoto yolembetsedwa koyamba mu Malichi 2019 idataya gawo loyamba mu Malichi 2022 ndipo lachiwiri mu Malichi 2024, ngakhale ikhale kuti idangoyenda makilomita 30,000.

Zaka zimenezi zikugwirizana ndi dongosolo la boma la Japan loyeza galimoto, lotchedwa shaken. Galimoto yatsopano ya munthu wamba imayezedwa koyamba ikakwanitsa zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse. Kuyezaku kumabwera pamodzi ndi misonkho ndi inshuwalansi, motero eni galimoto ambiri amasankha kugulitsa pa chaka chachitatu, chachisanu kapena chachisanu ndi chiwiri. Zotsatira zake n'zakuti galimoto zambiri zimafika pamsika wa kaunjika waranti itangotha kumene kapena itatha kalekale.

Ngakhale galimoto itakhala yatsopano ndithu, waranti imeneyi idalembedwa kuti igwire ntchito m'dziko la Japan. Ndiponso kumeneko, kuti waranti ichoke kwa mwini woyamba kupita kwa wachiwiri, galimoto imayenera kukayezedwa kwa dila ndipo kabuku kake kamadindidwa. Galimoto yopita ku okishoni n'kukwezedwa m'sitima sidutsa m'njira imeneyi, ndipo imachotsedwa m'kaundula wa ku Japan isanatumizidwe.

Pepala la ku okishoni, limene ogulitsa amakonda kuonetsa, silimanga munthu aliyense kuti akonze galimoto. Limangofotokoza zimene woyeza adaona patsikulo: giredi monga 3.5, 4 kapena 4.5, malo okalika kapena opindika, ndi makilomita. Chilembo cha R chimasonyeza galimoto imene idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pepalali ndi lothandiza ngati umboni wa zimene wogula adauzidwa, makamaka pakabuka mkangano wa makilomita obwezedwa m'mbuyo, koma phindu lake limathera pomwepo.

Makampani ena otumiza galimoto kunja amagulitsa lonjezo lawolawo pamtengo wapadera. Mfundo zofunika kuziwerenga m'lonjezo lotere ndi zinayi. Yoyamba ndi tsiku limene masiku amayamba kuwerengedwa, kaya ndi lofika sitima padoko kapena lolandira galimoto. Yachiwiri ndi ziwalo zimene zatchulidwa. Yachitatu ndi yakuti kampaniyo idzatumiza sipeya yokha kapena idzalipiranso makaniko ndi msonkho wa sipeyayo. Yachinayi ndi umboni umene ikufuna, monga zithunzi ndi lipoti la galaja. Ngati masiku ayambira padoko, ena amathera m'kukiliya komanso paulendo wa makilomita oposa 900 wochokera ku Dar es Salaam kudzera ku Morogoro, Iringa ndi Uyole kukafika ku Kasumulu, moyang'anizana ndi Songwe.

Galimoto za haibulidi, monga Toyota Aqua ndi Prius, zili ndi nkhani yakeyake. Batire lake lalikulu ndi chimodzi mwa ziwalo zodula kwambiri, ndipo limafooka ndi ukalamba komanso kutentha. Galimoto ya zaka 8 kapena 10 imafika waranti ya batirelo itatha, choncho kuliyezetsa ndi kompyuta n'kofunika kuposa kukhulupirira mawu a wogulitsa.

Galimoto zochokera ku South Africa

Ku South Africa kumachokera galimoto za mitundu iwiri, ndipo n'zosiyana kwambiri. Mtundu woyamba ndi galimoto za kaunjika za ku Japan zimene zimasungidwa m'mayadi a ku Durban. Dzikolo silimalola kuti galimoto za kaunjika zochokera kunja zigulitsidwe kwa anthu ake, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera, motero za m'mayadiwa zimangodutsa popita kumayiko ena. Pa nkhani ya waranti, zimenezi sizisiyana ndi zoitanitsa kuchokera ku Japan komweko.

Mtundu wachiwiri ndi galimoto zimene zidagulitsidwa zatsopano ku South Africa, monga Toyota Hilux ndi Fortuner zopangidwa ku Durban, Ford Ranger ya ku Pretoria, Isuzu D-Max ya ku Gqeberha ndi Volkswagen Polo ya ku Kariega. Kampani ya Toyota kumeneko imapereka waranti ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, ndipo makampani ena amapereka yotalikirapo. Kabuku ka waranti kamatchula mayiko amene lonjezolo likugwira ntchito. Kawirikawiri amakhala South Africa ndi anzake a mumgwirizano wa zamsonkho wa SACU, omwe ndi Botswana, Namibia, Lesotho ndi Eswatini. Malawi sali mumgwirizanowu. Hilux yogulidwa kwa dila wovomerezeka ku Lilongwe ndi Hilux yogulidwa ku Johannesburg zikhoza kutuluka m'fakitale imodzi koma zili ndi malonjezo osiyana. Mapulani a sevisi yaulere amene amagulitsidwa pamodzi ndi galimoto ku South Africa nawonso ali ndi malire a mayiko.

Lamulo loteteza ogula la dzikolo, Consumer Protection Act la 2008, limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wopezeka ndi vuto kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe. Lamuloli limakhudzanso galimoto za kaunjika zogulidwa kwa dila, koma silikhudza malonda a pakati pa anthu awiri wamba. Madandaulo amapita ku ofesi ya Motor Industry Ombudsman of South Africa. Vuto kwa Mmalawi ndi lakuti dila amafuna aione galimotoyo, ndipo kuibweza ku Johannesburg kudzera ku Tete ndi Harare kukhoza kudya ndalama zoposa mtengo woikonzera kuno.

Galimoto zochokera ku Britain

Amalawi okhala ku Britain amatumiza galimoto kwa abale awo kapena kubwera nazo pobwerera kumudzi. Kumeneko makampani ambiri amapereka waranti ya zaka 3 kapena mamailosi 60,000, pomwe Kia imapereka ya zaka 7 kapena mamailosi 100,000. Wotchi ya galimoto za ku Britain imawerenga mamailosi, ndipo mamailosi 100,000 ndi makilomita pafupifupi 161,000. Woona nambala pawotchi osafunsa muyeso wake akhoza kuganiza kuti galimoto yayenda pang'ono.

Lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limapatsa wogula kwa dila masiku 30 okana katundu wopezeka ndi vuto n'kulandira ndalama zake zonse. Ulendo wa panyanja wofika kumadoko a kuno umatenga masabata angapo, motero masikuwa amatha mwini wake asanayiyendetse n'komwe galimotoyo.

Galimoto za dizilo za ku Ulaya zili ndi vuto lina. Kuyambira cha m'ma 2009 zimapangidwa ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, ndipo zambiri zatsopano zimafunanso madzi otchedwa AdBlue. Zidakonzedwa kuti zizigwiritsa ntchito dizilo wa sulufule wosapitirira 10 ppm, pomwe wopezeka m'malo ambiri omwetsera mafuta m'chigawo chino ndi wa 50 ppm. Sefa ikatsekeka kaamba ka mafuta osagwirizana ndi zimene kabuku kadalamula, wopanga saliwerenga ngati vuto la kufakitale.

Paulendo, inshuwalansi ndiyo imagwira ntchito

Kuwonongeka kochitika galimoto ili m'sitima, padoko kapena pamsewu sikulowa m'waranti ya mtundu uliwonse. Apa mawu amene ali pa invoisi ndiwo ofunika. Mtengo wa FOB ndi wa galimoto yokwezedwa m'sitima basi. Wa CFR umaphatikiza ndalama ya sitima, ndipo wa CIF umaphatikizanso inshuwalansi ya panyanja. Malinga ndi malamulo a Incoterms 2020 a bungwe la International Chamber of Commerce, pa mitundu itatu yonseyi udindo wa kuwonongeka umachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula galimoto ikangokwezedwa m'sitima. Pa CIF wogulitsa amangokakamizidwa kugula inshuwalansi yaing'ono kwambiri, imene imalipira ngozi zikuluzikulu monga moto kapena kumira kwa sitima. Wailesi yobedwa kapena galasi losweka sizilowamo, pokhapokha wogula atapempha inshuwalansi yokulirapo.

Inshuwalansi ya panyanja kawirikawiri imathera padoko. Khadi la COMESA Yellow Card, limene madalaivala amanyamula podutsa mayiko, limalipira anthu ena amene avulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu pangozi. Galimoto ya mwini khadilo silikonza. Momwemonso msonkho wa pachipata ndi chiphaso cha COF cha nthambi ya Road Traffic sizipereka lonjezo lililonse pa thanzi la injini. COF imangotsimikiza kuti patsiku loyezalo galimoto idali yoyenera kuyenda pamsewu.

Zimene zimapha waranti imene ikadalipo

Pali galimoto zochepa, makamaka zatsopano, zimene dila wovomerezeka kuno angavomere kuzisamalira pansi pa waranti. Chilolezo chotere chimafunika kuchipeza molembedwa galimoto isanagulidwe, potumiza nambala ya chesesi kwa dilayo. Chikapezeka, pali zinthu zimene zingachifafanize: kudumpha sevisi, kusowa kwa kabuku ka sevisi kodindidwa, kugwiritsa ntchito oyilo kapena mafuta osayenera, kuchotsa sefa ya utsi, kusintha kompyuta ya injini, kuseweretsa wotchi ya makilomita, ndi kunyamula katundu woposa muyeso. Galimoto imene kampani ya inshuwalansi idailemba kuti idatheratu pangozi kapena m'madzi osefukira imakhalanso itataya waranti.

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kugwira ntchito. Kabuku ka galimoto kawirikawiri kamanena mlingo wa ethanol umene injini yake ingalandire, ndipo ndi bwino kukawerenga. Ziwalo zimene zimatha ndi ntchito, monga matayala, mapadi a mabuleki, kilatchi, mababu ndi mafyuluta, kawirikawiri sizilowa m'waranti.

Kuitanitsa galimoto zolakwika kufakitale

Pali njira imodzi imene siyendera zaka za waranti. Kampani ikazindikira kuti mtundu wina wa galimoto udatuluka ndi vuto loika moyo pachiswe, imalengeza kuti eni ake abwere nazo kuti zikonzedwe ulere. Pachingerezi amati recall. Chitsanzo chachikulu ndi cha zikwama za mpweya zoteteza pangozi, ma airbag, zopangidwa ndi kampani ya Takata ya ku Japan. Mankhwala ofufumitsa zikwamazi, a ammonium nitrate, amawonongeka akakhalitsa pamalo otentha ndi a chinyezi, ndipo pangozi amatha kuphulitsa chitsulo n'kulasa woyendetsa. Zida pafupifupi 100 miliyoni zidaitanitsidwa padziko lonse m'galimoto za Honda, Toyota, Nissan, Mazda, Subaru, BMW, Ford ndi zina, ndipo kampaniyo idagwa mu Juni 2017.

Makalata oitana amapita kwa eni galimoto olembedwa m'kaundula wa dziko limene idagulitsidwa koyamba. Galimoto ikachoka m'dzikomo isanakonzedwe, mwini watsopano ku Salima, Karonga kapena Nsanje, komwe kumatentha kwambiri, salandira uthenga uliwonse. Makampani a ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pomwe munthu amalemba nambala ya chesesi n'kuona ngati pali ntchito yotere imene idatsala. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zili ndi nambala yaifupi yoyamba ndi zilembo za mtundu wake, monga KSP90 pa Toyota Vitz kapena GE6 pa Honda Fit, mosiyana ndi nambala ya zilembo 17 ya galimoto za ku Ulaya ndi South Africa. Wopeza kuti galimoto yake ikukhudzidwa ayenera kupita ndi nambalayo kwa dila wovomerezeka wa mtunduwo kuti amve zoyenera kuchita.

Wogula kwa dila wa m'dziko muno

Wogula galimoto pa yadi ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe ali ndi mwayi umodzi umene woitanitsa yekha alibe: wogulitsayo ali pansi pa malamulo a dziko lino. Lamulo la Sale of Goods Act limafuna kuti katundu wogulitsidwa pomufotokoza akhale monga momwe adafotokozedwera. Galimoto imene idatsatsidwa kuti ndi ya 2015 koma n'kupezeka kuti ndi ya 2011 yaphwanya mfundo imeneyi. Palinso lamulo la Consumer Protection Act la 2003 komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pamalonda, limene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limayendetsa. Bungweli limalandira madandaulo a ogula okhudza kunamizidwa ndi kugulitsidwa katundu wowonongeka. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalonso limayankhulira ogula.

Komabe mlandu umayenda ndi umboni. Lonjezo la pakamwa lakuti "mukapeza vuto mubwere nayo" limasungunuka vutolo likafika. Mgwirizano wolembedwa uyenera kutchula nambala ya chesesi ndi ya injini, chaka, makilomita a patsiku logula, kutalika kwa lonjezo, ziwalo zimene likukhudza, ndi galaja imene idzakonze. N'kofunikanso kusiyanitsa dila amene akugulitsa galimoto yake ndi ejenti amene akungoitanitsira munthu. Ejenti akhoza kunena kuti iye adangokhala mkhalapakati ndipo wogulitsa weniweni ali kunja, choncho dzina limene lili pa invoisi ndi pa chikalata cha sitima ndilo limasonyeza amene adagula kwa yani.

Mapepala oyenera kusungidwa pamodzi ndi awa: invoisi, chikalata cha sitima, chikalata chochotsa galimoto m'kaundula wa dziko lochokera, pepala la ku okishoni, kabuku ka sevisi, malisiti a msonkho, ndiponso, pa galimoto yochokera m'mayiko oyandikana nafe, chiphaso cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa. Zithunzi zojambulidwa padoko ndi pachipata, pamodzi ndi lipoti la makaniko woima payekha lolembedwa sabata yoyamba, zimathandiza kusonyeza nthawi imene vuto lidayamba.

Kusiyana kwa mtengo pakati pa galimoto yatsopano ya kwa dila wovomerezeka ndi ya kaunjika yochokera kunja n'kwakukulu, ndipo mbali ina ya kusiyanako ndi waranti imene yachiwiriyo ilibe. Woitanitsa galimoto ya zaka zoposa 5 ayenera kudziwa kuti mtengo wa kukonza uli pamutu pake kuyambira tsiku loyamba, ndipo bajeti yake ikhale ndi ndalama yapadera ya sevisi yaikulu, matayala, batire ndi chiwalo chimodzi chodula chimene chingafe m'chaka choyamba.